Mwana wanga misongolo ikumuwawa, kodi ayambe kunyamula zitsulo?

Abale anga pagulu pano, ndigawireniko nzeru, makamaka inu azachipatala ndi ophunzitsa masewera.

Kwathu ndi ku Zomba, koma ndinakwatiwa ndi Mmalay ndipo tikukhala ku Shah Alam, ku Malaysia. Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka 15, amasewera netibo kusukulu, kuno amati bola jaring. Mpira amautha ndithu. Koma akangothamanga mwaliwiro kawiri katatu, miyendo imalemera, kudumpha kumatheratu. Mwezi watha ndinamupeza pakhonde akusisita misongolo, nsapato asanavule n'komwe, misozi ili lengelenge. Mtima unandiwawa.

Kuchipatala anamuyeza magazi n'kupeza kuti vitamini D ndi wochepa. Ine kudabwa, dziko la dzuwa chaka chonse ngati lino! Adokotala anati vutoli ndi lofala mwa atsikana akuno: amathawa dzuwa, amaswera m'nyumba, thupi lonse amafunda. Anatinso fupa limalimba minofu ikamalikoka, ndipo msinkhu wakewu ndi umene mafupa amamangika kwambiri. Choncho mwana wa minofu yofooka mafupanso amatsalira. Anatipatsa mapilitsi, n'kunena kuti ululu ukatha ayambe kulimbitsa miyendo.

Apa ndiye pagona nkhani. Apongozi anga akukanitsitsa, akuti zitsulo zimapinimbiritsa mwana. Ndimawalemekeza kwambiri, sindikufuna kukangana nawo. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga Ramadan ikafika, mwana akusala kudya, azichita nthawi yanji?

Mayankho

Wophunzitsa masewera: Mayi, zopinimbirazo si zoona bola pakhale womuyang'anira ndipo asayambe ndi zolemera. Ayambe ndi thupi lake lomwe: kunjuta, kukwera masitepe, kenako kulumpha chingwe. Kusambira ndi njinga n'zabwino pa mtima, koma fupa limafuna kugunda pansi. Zofooka msangazo zimasintha ndi liwiro lalifupi, masekondi 20 kapena 30, kupuma, kubwerezanso. Pa Ramadan, zolemetsa azichita madzulo atamasula.

Namwino: Ndikugwirizana nawo, koma musathamangire. Ululu ukakhala pamalo amodzi oti akhoza kuloza ndi chala, bwererani kuchipatala akamujambule, fupa limatha kuchita mng'alu. Mufunseninso mwakachetechete ngati akusamba mwezi ndi mwezi. Pa msinkhu umenewo amafunika kashiamu, mchere womanga mafupa, wokwana mamiligalamu 1,300 patsiku.

Mayi wina wa ku Kuala Lumpur: Achemwali, ikan bilis uja amaika mu nasi lemak (mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati) ndi nsomba yaing'ono yofanana ndi usipa, amadyedwa ndi minga yomwe. Muchulutseni, muonjeze tofu (chakudya chopangidwa ndi soya) ndi mkaka weniweni, osati wotsekemera wa mu teh tarik, tiyi wa kuno uja. Apongoziwo muwatenge tsiku lobwerera kwa dokotala akamve okha.

Mwini funso: Zikomo nonse. Anamwino, ndamufunsa pompano, waloza malo amodzi mwendo wamanzere, pamwamba pang'ono pa kakolo. Kodi apitirize kupita kumpira podikira kubwerera kuchipatala Lolemba, kapena ndimuletse lero lomwe?