Kodi ziwerengero za apolisi n'zokwanira pa kafukufuku wa umbava?

Wophunzira: Ndikulemba kafukufuku wa umbava wa m'midzi. Kodi ndingadalire ziwerengero za m'mabuku a apolisi zokha?

Mphunzitsi: Sizingakukwanireni, chifukwa munthu akaberedwa chimanga m'munda kawirikawiri amakadandaula kwa amfumu, ndipo mlanduwo umathera pabwalo osafika kupolisi. Pofuna kudziwa milandu yobisika yotereyi, ku Britain anayamba mu 1982 kufunsa anthu m'makomo mwawo ngati anachitiridwapo zaupandu.

Wakumudzi: Kuno ku Malawi kafukufuku wotere wa mu 2003 anapeza kuti kuba mbewu ndiko kunali kofala kwambiri.

Mphunzitsi: Musamalenso potanthauzira zimene mwapeza. Milandu ikachuluka m'mabuku, mwina si kuti akuba achuluka, koma anthu ayamba kukhulupirira apolisi. Ndipo amene mwawafunsa musawatchule mayina m'lipoti lanu.