Kodi mtengo wolendewera nthambi wa weeping beech ungakule ku Senga Bay?

Naphiri_SengaBay:
Akuluakulu odziwa za mitengo, ndithandizeni. Ndikufuna mtengo wa nthambi zolendewera mpaka pansi kutsogolo kwa nyumba, ngati weeping beech amene timamuona pazithunzi za pa intaneti. Dothi ndi lamchenga, kuchokera pakhonde kufika kumpanda ndi mamita 6, ndipo dzenje la madzi a kubafa lili chapafupi. Beech angagwire kuno? Ngati ayi, ndibzale chiyani?

Wanazale_Salima:
Mayi Naphiri, beech muiwaleni. Ndi mtengo wa ku Ulaya, dzina lake Fagus sylvatica, ndipo suphukira bwino usanadutse miyezi ya chisanu chenicheni uli wopanda masamba. Kunyanja kuno tili pamalo okwera mamita pafupifupi 500 okha pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, kuzizira kwathu kwa June ndi July sikufikako n'komwe. Dzuwa la October likabwera, masamba amapsa m'mbali, khungwa n'kung'aluka. Komanso wolendewerayo ndi womezanitsa, wina akakugulitsani njere zake wakupusitsani.

Pamalo anuwo bzalani bottlebrush wolendewera, Callistemon viminalis, wa maluwa ofiira ooneka ngati burashi yotsukira botolo. Kwawo ndi ku Australia, kutentha sakuopa, koma amakonda chinyontho, ndiye pamchenga ntchito yagona pa dzenje. Kumbani masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba lisakanizeni ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana. Aawisi amatentha mizu, amaitananso chiswe. Bzalani mvula ikakhazikika, December kapena January, ndipo mbande ikhale mulingo umene inali m'chubu, chifukwa tsinde mukalikwirira limaola. Chilimwe choyamba thirirani ndowa ya malita 20 katatu pa sabata, yonse nthawi imodzi. Kuwaza timadzi tsiku lililonse kumapangitsa mizu kuyandama pamwamba. Phimbirani ndi udzu, koma kuzungulira tsinde musiye mpata wa chikhato.

Mbewe_KK:
Ndionjezerepo pa za achimwene a nazalewa. Pali mitengo iwiri imene musayerekeze kubzala pafupi ndi dzenje lanu la madzi a kubafa lija: Ficus benjamina ndi weeping willow. Ficus akakhala mu mphika amaoneka wofatsa, koma mukamuika pansi mizu imayenda mopingasa, imatukula simenti ya pakhonde ndi kulowa m'mapaipi. Ngakhale mamita 10 kuchokera kunyumba ndi pafupi. Willow amasaka madzi, kamng'alu kakang'ono pa paipi kamamukwanira, mkati mumadzaza timizu ngati tsitsi. Ngakhale bottlebrush yemweyo atalikire dzenjelo ndi mamita 4 kapena kuposa.

M'mphepete mwa mpanda mutha kundandika ashoka, Polyalthia longifolia, wa ku India uja wowongoka ngati mzati nthambi zitagwera pansi. Mamita 2 pakati pa mtengo ndi unzake. Njere zake fesani zikangogwa, zikauma sizimera. Koma mthunzi wokhalapo masana musauyembekezere, mulibe.

Za mwera musaiwale. Khomani chikhomo mbali imene mphepo imachokera, mumange ndi mphira wa chubu cha njinga mopingasa ngati nambala 8, momasuka kuti tsinde lizigwedezeka pang'ono, ndi mmene limalimbira. Waya amadula khungwa. Pakatha chaka masulani. Tchingirani ndi nsungwi, mbuzi za m'chilimwe sizisankha.

Naphiri_SengaBay:
Zikomo kwambiri abambo nonse. Nanga wofanana ndi ambulera, woti ana azilowa kunsi kwake, palibe?

Wanazale_Salima:
Alipo mayi, mabulosi olendewera, ndipo pa maonekedwe ndi amene amayandikira beech. Zikani nthambi ya mabulosi wamba, muilere tsinde limodzi, mukuthothola mphukira zonse za m'mbali mpaka ifike mamita 1.8 ndi kunenepa ngati chala chachikulu. Mu August, usanayambe kuphukira, dulani nsonga, ng'ambani pakati masentimita 4. Tengani kanthambi ka wolendewera ka maso atatu, kasongoleni mbali ziwiri, kalowetseni mumng'alumo. Chinsinsi chili pa kachikopa kobiriwira ka kunsi kwa khungwa: ka kanthambi ndi ka tsinde zikhudzane, ngakhale mbali imodzi yokha. Mangani zolimba ndi pulasitiki, vundikirani kajumbo koyera, pamwamba pake pepala kuti dzuwa lisakaphike. Maso akaphukira chotsani jumbo, pulasitiki ikhalebe mpaka bala litapola.

Ambiri amalakwitsa pambuyo pake. Mphukira zotuluka kunsi kwa bala ndi za mabulosi wamba, zimathamanga kupita mmwamba ndi kulanda chakudya, ambulera uja n'kufota. Zithotholeni zikadali zanthete. Nthambi zolendewera zidulireni masentimita 30 zisanafike pansi kuti chiswe chisapeze pokwerera. Mukangozika nthambi ya wolendewera osamezanitsa, imangoyanga pansi ngati dzungu.

Mbewe_KK:
Mabulosiwo akhale kutali ndi chingwe choyanikira zovala. Mbalame zikadya zipatso zake, nsalu yoyera simuizindikiranso.