Sleeping bag ya nthenga kapena ya polyester pa ulendo wa njinga?

Wapanjinga25: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mu Julayi ndikufuna kupalasa kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza, kenako kutsikira ku Golomoti mpaka kunyanja, ndizigona mu tenti. Ndigule sleeping bag (thumba logonamo) ya nthenga kapena ya polyester? Pa keliyala malo ndi ochepa.

Chitsulo: Julayi kulibe mvula, ndiye tengani ya nthenga, achimwene. Imapepuka ndipo ikapindidwa imachepa kwambiri kuposa ya polyester yofunda mofanana. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, usiku kumazizira kuposa ku Lilongwe. Pa lebulo yang'anani nambala ya comfort (kuzizira kumene mungagonemo bwinobwino), ikhale 5°C kapena kutsikirapo. Ya extreme isakunamizeni: imeneyo ikungonena kuti simufa, koma tulo simuliona. Fill power (nambala yosonyeza mmene nthenga zimafufumira) ikhale 650 kupita m'mwamba.

Mai_Tiyanjane: Zoona, koma mdani wa nthenga si mvula yokha. M'mamawa mkati mwa tenti mumachita thukuta chifukwa cha mpweya wanu, kunja kuli mame. Nthenga zikanyowa zimaundana timibulu, mpweya umene umasunga kutentha umathawa, mwatsala ndi nsalu chabe. Mukaipinda yonyowa masiku atatu otsatizana, yayamba fungo la nkhungu. Choncho poima masana muziiyanika pa njinga kwa theka la ola, ndipo ponyamula ilowe m'jumbo yolimba musanaiike m'chikwama.

Ngati njingayo mudzayendanso nayo kuyambira Novembala mpaka Epulo, polyester ndiye yabwino. Imafundabe pang'ono ngakhale yanyowa, imauma msanga, ndi yotchipa, ndipo imachapika ndi sopo wamba. Kungoti ndi yolemera, komanso ikamapanikizidwa kawirikawiri imaphwa msanga.

Chitsulo: Ndiwonjezere za pa kaunjika, poti ambiri timagula kumeneko. Ikwezeni padzuwa muione: pamene pakuwala kwambiri ndiye kuti nthenga zinathawapo kapena zinaundana. Kokani zipi kawiri katatu. Ya nthenga musachape ndi sopo waufa, amachotsa mafuta a nthengazo. Kunyumba muziisunga yotambasula, osati yopanikiza m'kathumba kake.

Gologolo: Musaiwale chogonera pansi. Mbali imene mwaigonera imaphwatalala, kaya ndi nthenga kaya polyester, ndiye kuzizira kumalowa kuchokera m'nthaka. Kamatiresi ka thonje la pulasitiki kamakwana pamwamba pa keliyala. Mukafika kunyanja mungotsegula zipi yonse n'kufunda ngati bulangete, koma neti ya udzudzu ya tentiyo ikhale yosabooka.