Atsekwe a mu Seputembala: ndiyale zidole zingati m'munda wa tirigu?

WakuDomasi:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene munayamba kale kusaka atsekwe kuno ku America. Ndimakhala kufupi ndi Fergus Falls ku Minnesota, ndipo chino ndi chaka chachiwiri ndili ndi chilolezo. Chaka chatha ndinkangotsatira mnzanga wakuntchito. Iyeyo ndiye anali ndi ngolo yodzadza ndi zidole zokopera atsekwe kuti atere, zija eni ake kuno amati ma decoy, ine yanga inali yonyamula matumba basi. Pano anasamukira ku Arizona ndi katundu wake yense. Ndatsala ndi zidole 18 zimene ndinagula kwa munthu wina pa Facebook: 12 zathunthu zoimirira, 6 zopanda miyendo zongokhazika pansi.

Mlimi wina wandilola kulowa m'munda wake wa tirigu umene anakolola masabata awiri apitawo. Ndapitako masiku atatu otsatizana, m'mawa ndikangoweruka ntchito yausiku. Atsekwe amatulukira ku dziwe la kumpoto cha m'ma 7 koloko. Sabwera onse pamodzi ayi: asanu, kenako asanu ndi awiri, nthawi zina awiri okha, mpaka akwane ngati 40, ndipo amatera pakamtunda ka pakati pa munda.

Chikundisowetsa mtendere ndi mavidiyo a pa YouTube, momwe anthu amayala zidole mazanamazana. Ndili ndi kandalama koti kangagule madazeni awiri, koma ndi komweko ndimati nditumize kumudzi kuti mayi agulire feteleza mvula isanayambe. Kodi 18 zikwana? Sindikufuna kudzuka 4 koloko n'kukangowaona akundilambalala.

MlenjeWaJamestown:

Achimwene, tumizani ndalamayo kwa amayi. Zidole muli nazozo n'zokwanira, ndipo yankho mwalinena kale nokha pamene mwati amabwera asanu, asanu ndi awiri.

Atsekwe amene mukuwaonawo si aja ochokera kumpoto kwenikweni kwa Canada, amenewo sanafike. Awa ndi eni dera, aja akuluakulu amene amaswana m'madambo ndi m'mapaki a komweko. Mtundu umenewu anthu ankayesa kuti unatha, mpaka mu 1962 pamene katswiri wa mbalame Harold Hanson anaupeza ku Silver Lake mu mzinda wa Rochester, ku Minnesota kwanu komweko. Atautetezera unachulukana mpaka alimi anayamba kudandaula, n'chifukwa chake boma linatsegula nyengo yosaka yoyambirirayi. Kuno ku North Dakota timayamba pa 15 Ogasiti.

Tsono mu Juni ndi Julayi akuluakulu amathothoka nthenga za m'mapiko, sauluka, amakhala pamadzi ndi ana awo. Pofika pano anawo angophunzira kumene kuuluka, ndipo banja lililonse limayendabe palokha: tambala wake, thadzi lake ndi ana atatu kapena asanu. Akatera m'munda, banja limodzi silifuna kuthithikana ndi linzake. Mukawayang'anitsitsa mawa muona kuti likayandikira lina, wamwamuna amatambasula khosi n'kulithamangitsa. Ndiye inu mukaunjika zidole 100 pamalo pamene dzulo panali mbalame 40 zomwazikana, mwawaonetsa chinthu chimene sanachionepo m'mundamo. Ana a chaka chino akhoza kupusitsika, koma amene amatsogolera potera ndi makolo, ndipo ena mwa iwo aona nyengo khumi.

Ine ndimatere. Zidole ndimazigawa timagulu ta zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi, n'kusiya mapazi asanu ndi atatu kapena khumi pakati pa kagulu ndi kanzake. M'kagulu kalikonse chimodzi chokha ndicho chidzutse mutu, zinazo zikhale zoweramira pansi ngati zikudya. Mitu yambiri ikakhala m'mwamba, kwa tsekwe ndiye kuti pali choopsa. Mphepo izikuwombani kumsana, chifukwa tsekwe amatera moyang'anizana ndi mphepo, ndipo kutsogolo kwanu musiye bwalo lopanda kanthu pa mtunda wa mamita ngati 20. Pamenepo ndi pamene adzafune kuponda.

Ndinaziphunzira movutikira. Chaka china kumapeto kwa Ogasiti tinasonkha zidole anthu anayi, zinapitirira 120, tinayamba kuyala usiku ndi matochi apamutu. Atsekwe anabwera, anazungulira kawiri, n'kukatera kumapeto kwa munda womwewo kumene kunalibe kanthu. Patapita masiku awiri ndinabwerera ndekha ndi 14, ndinaziika penipeni pamene panali zitosi ndi nthenga zawo, ndipo banja loyamba silinazungulire n'komwe.

NaBanda_Winnipeg:

Bambo a ku Jamestown anena zoona, koma pali mbali imene sindikugwirizana nawo kwathunthu. Zidole zochepa zimagwira ntchito ngati muli pamalo enieni pamene mbalamezo zikufuna kudya. Tsiku limene mlimi adzatembenuze munda umenewo, kapena atsekwe adzasamukire kwa mlimi wina amene sanakuloleni, mudzakhala mukuitana mbalame zongodutsa, ndipo 18 kuchokera patali sizioneka. Kuno kwathu ku Canada, kufupi ndi dambo la Oak Hammock Marsh, alendo akumpoto akayamba kufika kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, magulu amakula kwambiri, ndipo ine ndi amuna anga timayala zoposa 60. Ndiye musaganize kuti 18 ndi za chaka chonse. Mukadzapeza ina ndalama, gulani zija zafulati zozika ndi kawaya, dazeni yake ndi yotsika mtengo ndipo zambiri zimalowa m'chikwama chimodzi.

Koma achimwene, simunatiuze kuti mukabisala bwanji. Tirigu wa masiku ano amamudula mofupika kwambiri, ziputu zake mwina kungofika m'kakolo. Ngati muli ndi kabedi kobisalamo kaja kogona chagada, kapakeni matope kaye kuti nsalu isawale, kenako mukafika sonkhanitsani mapesi a m'munda momwemo n'kusomeka paliponse mpaka kasaoneke. Musatenge udzu wobiriwira wam'mbali mwa msewu n'kukauika pakati pa ziputu zachikasu. Pa atsekwe khumi amene ndawaona akubwerera m'mwamba atatsala pang'ono kutera, ambiri anaona munthu, osati kuti anawerenga zidole.

China ndi mame. Mukayala molawirira kwambiri, pulasitiki imanyowa ndipo dzuwa likatuluka imanyezimira ngati galasi. Tengani kansanza.

MjombaWaRochester:

Poti ndinu a ku Domasi, ndikudziwa kuti munakula mukuona mmene anthu amagwirira mbalame ku nyanja ya Chilwa. Kuno zina mwa nzeru zimenezo zikhoza kukulowetsani m'mavuto. Musayese kumwaza chimanga kapena tirigu kuti muwakope, ndi mlandu. Zotsalira zokha pokolola ndizo zololedwa. Kumangirira tsekwe wamoyo kuti aitane anzake kunaletsedwa kale mu 1935, ndipo zipolopolo za mtovu pa mbalame zam'madzi zinaletsedwa m'dziko lonse mu 1991, ndiye onetsetsani kuti m'thumba mulibe ngakhale chimodzi. Sitampu ya boma lalikulu yosakira mbalame zam'madzi, ija ya madola 25, ikhale nanu.

Ndipo chonde dziwe la kumpotolo musaliyandikire ndi mfuti. Ndi pogona pawo. Mukawombera pamenepo kamodzi, asamuka onse, munda wanu ndi wa anzanu utsala wopanda mbalame.

WakuDomasi:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Ndalama ndinatumiza Lachinayi. Loweruka ndinapita ndi 18 zanga zomwezo, timagulu tinayi, pakamtunda paja. Mayi NaBanda, mawu anu a mapesi ndi amene ananditengera nthawi yambiri, pafupifupi mphindi 40 ndikusomeka, ndipo kansanza kanagwira ntchito chifukwa mame anali ambiri.

Banja loyamba linali la asanu ndi mmodzi. Anabwera motsika, mapiko atakhota, miyendo ili lendee, mtima wanga ukugunda mpaka m'makutu. Ndinagwetsa awiri. Gulu lachiwiri ndinapezapo mmodzi. Kunatentha msanga, ndiye ndinawatumbula pomwepo n'kuwaika mu ayezi. Mmodzi ndinakapereka kwa mlimi uja, wina tadya dzulo ndi nsima, ndinamuphika pamoto wochepa kwa maola atatu chifukwa nyama yake ndi yolimba.

Koma cha m'ma 8 koloko mphepo inatembenuka, inayamba kuchokera kumanja kwanga. Magulu awiri otsatira anatera pambali, kutali moti sindikanawombera popanda kungowavulaza, ndinawasiya. Ndinaganiza zodzuka kuti nditembenuze kabedi ndi zidole, koma ndinkaopa kuti ena anali kale m'njira andiona ndili chiimire. A ku Jamestown, inu zikatero mumadzuka n'kukonza, kapena mumangogona pomwepo? Mlimi wati atembenuza mundawo Lachisanu, ndiye ndatsala ndi m'mawa umodzi wokha, Lachitatu.