Ndithandizeni pa mbiri ya Akaraite a ku Chufut-Kale

Abale ndi alongo odziwa mbiri, ndithandizeniko. Ndikukonza phunziro la achinyamata kutchalitchi kwathu lokhudza Akaraite, gulu la chipembedzo cha Chiyuda limene limatsatira Malemba Achiheberi okha osavomereza Talmud, mabuku a ziphunzitso za aphunzitsi akale achiyuda. Ndiye ndakumana ndi Chufut-Kale, mudzi wa malinga ndi mapanga osema m'thanthwe, pamwamba pa phiri pafupi ndi Bakhchysarai ku Crimea. Mpaka lero kuli nyumba zawo ziwiri zopemphereramo, ndipo mu 1731 anali kale ndi makina osindikizira mabuku a Chiheberi.

Pandizunguza mutu ndi pa manda awo a Balta Tiymez. Abraham Firkovich, Mkaraite wofufuza mbiri ya anthu ake amene anamwalira m'mudzimo mu 1874, ankati miyala ina ya pamandapo ndi yakalekale. Koma akatswiri ambiri amati mkuluyu anasintha zaka zolembedwapo kuti zioneke ngati Akaraite anafika ku Crimea Yesu asanapachikidwe, boma la Russia lisawasale ngati Ayuda ena. Ine sindikufuna kudyetsa ana bodza. Kodi miyala imene akatswiri amaikhulupirira ndi ya zaka ziti?

Chinanso: Akaraite anadzasamuka ku Chufut-Kale. Kodi anasamukamo chifukwa cha vuto la madzi, kapena poti Russia itatenga Crimea mu 1783 analoledwa kukakhala m'matauni?