Thandizeni: kulembetsa masters ya uinjiniya ku South Africa

Moni nonse muno, makamaka inu amene munaphunzirako ku South Africa.

Ndapatsidwa malo pa yunivesiti ina ku Johannesburg kuti ndikachite masters ya uinjiniya wa zomangamanga. Vuto ndi lakuti sangandilembetse popanda satifiketi ya SAQA, bungwe lomwe limaunika digiri yochokera kunja. Mapepala anga ndinatumiza kale ndipo akuunikidwabe, koma kalembera akutsekedwa mu February.

Ofesi ya ophunzira akunja ndailembera, ndaimbanso foni, yankho ndi limodzimodzi: dikirani. Mphunzitsi amene adzayang'anire kafukufuku wanga ndi munthu wabwino ndithu, koma akuti za kalembera si zake.

Ndiye ndifunse. Alipo amene analoledwa kulembetsa ndi umboni chabe woti mapepala ali ku SAQA? Munalankhula ndi ndani, a dipatimenti kapena a fakote?

Chinanso ndi medical aid. Pa viza ya maphunziro akufuna yolembetsedwa ku South Africa komweko, yathu ya kuno siiwerengedwa. Munatenga iti yosaboola m'thumba, ndipo munalipira bwanji muli ku Malawi, ndi mmene forex ikuvutiramu?

Zikomo kwambiri.