Makina akuti amayi agula kale feteleza pomwe sanagule, ndiyambire pati?

Abale anga pagulu pano ndithandizeni nzeru. Amayi anga amakhala kumudzi cha ku Limbuli ku Mulanje, dzina lawo latuluka pa AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, ndiye ine ndili ku Blantyre ndinawatumizira K30,000 pa foni ya matumba awiri aja, NPK ndi Urea. Miyendo imawavuta, ndiye msuweni wanga anawauza kuti azakhali bweretsani chiphaso ndikakuimireni pa mzere, anakhala nacho masiku anayi nkubweza akuti netiweki kulibe, ndalamanso anabweza ndithu. Dzulo amayi apita okha pa kabaza, atasikana chiphaso makina akuti munthuyu watenga kale matumba onse awiri. Mvula yagwa, chimanga chamera, kamunda nkakang'ono komwe kanatsala Freddy atakokolola mu 2023 paja kuno malo ambiri ndi tiyi. Amayi akukana zakupolisi akuti ndi mwana wa achimwene awo. Nditani ine?

Mlimi wa ku Thyolo: Pepani achimwene koma chiphasocho chinapita kwa mavenda, amazungulira m'midzi kugula ziphaso nkukatenga feteleza mwakuseri. Msuweniyo wadya. Mumufunse pamaso pa amalume anuwo osati pa foni.

Mayi wina: Musayambe ndi polisi. Amayi apite kwa amfumu kenako kwa alangizi a zaulimi a dera lawo, dandaulo lilembedwe, ndipo afunse tsiku ndi depoti yomwe fetelezayo anatulukira. Nanga chiphaso chili ndi chithunzi cha agogo anamugulitsa bwanji mnyamata? Pamenepo pali wina wamkati.

Wina: Za sabuside zatha ntchito izi, nthawi ya Bingu 2005 makuponi ankagulitsidwa, 2020 anati tigwiritse ziphaso thumba K4,495 kuba kutha, 2022 thumba kufika K15,000 kuba kuli pompo kkkk

Mwini funso: Zandale tisiye kaye bwana, chimanga sichidikira.

Mayi wina: Ndiye poti dandaulo limachedwa, K30,000 yo musaisunge. Gulani feteleza wapambale olo 10kg apange mbeya, feteleza wodzipangira pakhomo. Madeya 20kg, ndowe zouma za nkhuku kapena mbuzi 20kg, phulusa 10kg, fetelezayo 10kg, kuwaza madzi malita 5 nkusakaniza bwinobwino, kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati nkumanga kolimba pamthunzi masiku 21. Wokulitsa mwachedwa naye kale koma wobereketsa mupeza. Ine ndimapanga chaka chilichonse, sikuti amafanana ndi wa kushopu ayi, tisanamizane, koma ngala zimaoneka. Nandolo abzale ndithu m'mizeremo.

Mlimi wa ku Thyolo: Ndipo amalume akavomera kuti mwana wawo walakwa abweze thumba olo limodzi, imeneyo ndiye njira yachidule kuposa maofesi.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndawaimbira amalume akuti mnyamatayo wapita ku Muloza kuyambira Lachiwiri sanabwere, foni yake siikupezeka. Loweruka ndikwera minibasi ndikaonane ndi amfumu ndekha. Amayi a mbeya, ndowe za nkhumba zingatheke? Mbuzi tinagulitsa.